Miyendo ikuwonda, mimba ikutuluka: kodi ndi fodya?

Bambo ena a zaka 41 atilembera pa imelo. Akuti anayamba kusuta ali mnyamata, ndipo pano amamaliza ndudu pafupifupi 15 patsiku. Ndi aatali masentimita 172, akakwera pasikelo imawapatsa makilogalamu 64, ndipo nambala imeneyi papita zaka isakusuntha. Chowadabwitsa n'choti mikono ndi miyendo zikunka ziwonda pomwe mimba ikutuluka, moti lamba ayamba kumangira m'munsi mwa mimbayo. Akufuna kusiya, koma akulu awo atasiya ananenepa kwambiri. Ndiye akufunsa: "Kodi ndi fodya amene akundiwondetsa? Nanga mimbayi ikuchokera kuti? Ndikasiya sindifufuma?"

Bambo, zonse mwatchulazi n'zolumikizana, ndipo sikelo ndi imene ikukubisirani nkhani yeniyeni.

Tiyambe ndi kuwondako. N'zoona kuti anthu osuta, powaphatikiza onse, amapepuka ndi makilogalamu angapo poyerekeza ndi anzawo amsinkhu womwewo osasuta. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amachititsa chibaba, amachita izi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kupha njala. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamauza munthu kuti wakhuta. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Yale anasonyeza, poyesa pa mbewa, kuti nikotini amadzutsa maselo omwewo amene amati "basi, zakwana". N'chifukwa chake wosuta amatha kufika masana ndi kapu ya tiyi ndi ndudu ziwiri, osamva kuti m'mimba mulibe kanthu. Onjezanipo kuti utsi umafooketsa mphuno ndi lilime, ndiwo sizinunkhira mmene zimanunkhirira kwa ena.

Njira yachiwiri ndi kuthamangitsa thupi. Mukakoka ndudu, mtima umawonjezera kugunda ka 10 mpaka ka 20 pamphindi, mitsempha imafinyika, magazi amakwera. Kafukufuku amene anachitika ku Lausanne m'dziko la Switzerland, wofalitsidwa mu 1986, anapeza kuti ndudu 24 patsiku zinkawonjezera mphamvu zomwe thupi limawotcha ndi pafupifupi 10 peresenti, kapena kuti makalori 200 kapena kuyandikira pamenepo (makalori ndi muyezo wa mphamvu zochokera m'chakudya). Zili ngati galimoto yoima yomwe dalaivala wapondabe mafuta: petulo akutha ndithu, koma palibe kumene yapita, injini ndi imene ikungotheratu. Makalori 200 amenewa muwasunge m'mutu, tiwabwerera.

Komabe si kuti ndudu zikachuluka munthu amawonderawondera. Anthu omaliza paketi kapena kuposa patsiku nthawi zambiri amalemera kuposa osuta pang'ono, chifukwa kusuta kwambiri kumayenda ndi mowa, kukhala pansi ndi kudya mwachisawawa.

Tsopano mimba, yomwe kwa ife ndiyo nkhani yaikulu m'kalata yanu. Mafuta a m'thupi ali pawiri. Ena amakhala pansi pa khungu, m'ntchafu, m'matako ndi pamimba. Amenewa mutha kuwatsina ndi zala, ndipo savuta kwenikweni. Ena amakhala mkati, kuseri kwa minofu ya pamimba, atakuta matumbo ndi chiwindi. Amenewa satsinika. Amakankha mimba kuchokera mkati, ndiye imaoneka yolimba, yosongokera kutsogolo, pomwe thupi lina lonse n'lowonda. Fodya amakokera mafuta kumeneko. Ndudu iliyonse imakweza homoni (mankhwala opangidwa ndi thupi lenilenilo) yotchedwa cortisol, yomwe imauza thupi kusunga mafuta m'mimba. Nikotini amachititsanso kuti thupi lisamamvere bwino insulini, homoni yoyendetsa shuga m'magazi, ndiye shuga ndi mafuta sizilowa m'minofu mmene zimayenera kulowera. Kwa nthawi yaitali anthu ankatsutsa kuti mwina wolakwa ndi mowa womwe osuta ambiri amamwa, koma mu 2024 ofufuza a pa yunivesite ya Copenhagen, pogwiritsa ntchito zotengera za kumtundu za anthu ochuluka zedi, anapeza kuti kusuta pakokha kumawonjezera mafuta a m'mimba, makamaka amkatiwo.

Kuipa kwa mafuta amenewa n'koti magazi ochoka pamenepo amathira molunjika m'chiwindi. Chiwindi chimadzaza mafuta, chimatulutsa shuga wambiri, mafuta oipa amachuluka m'magazi. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la mu 2014 linanena kuti osuta ali pachiopsezo cha matenda a shuga chokwera ndi 30 mpaka 40 peresenti kuposa osasuta. Kwathu kuno mimba ikatuluka anthu amati "ayamba kudya bwino, zinthu zikuyenda". Mimba ya pa miyendo yowonda si ya ubwana ayi, ndipo madokotala amaiopa kuposa thupi lonenepa paliponse mofanana.

Miyendo ndi mikono zikuwonda chifukwa minofu ikutha. Utsi uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa oksijeni maulendo opitirira 200, ndiye minofu imalandira mpweya wochepa. Thupi la wosuta limachedwanso kumanga nyama yatsopano kuchokera ku zakudya zomanga thupi. Munthu akayamba kupuma wefuwefu pokwera kamtunda amachepetsa kuyenda osazindikira, minofu n'kumapitirira kufota. Apa ndiye pali chinsinsi cha 64 wanu uja. Mukataya makilogalamu atatu a minofu n'kuwonjezera atatu a mafuta, sikelo sinena kanthu, koma thupi lasintha, komanso mafuta amatenga malo aakulu kuposa minofu yolemera chimodzimodzi.

Zina fodya amasintha mwapang'onopang'ono. Mafupa amafooka. Khungu limataya mphamvu yotanuka, makwinya amabwera msanga m'mbali mwa milomo ndi maso. Mapapo akawonongeka kwambiri mpweya umatsekeredwa mkati, chifuwa chimatukuka, mapewa amakwera, ndipo munthu amawonda chifukwa kupuma kokhako kwasanduka ntchito. Kwa amayi amene akuwerenga: fodya amafooketsa homoni ya estrogen, yomwe imasunga mafuta m'matako ndi m'ntchafu, ndiye mbina imachepa, mimba n'kukula, ndipo kusiya kusamba kumabwera msanga ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Maganizo oti ndudu zimasunga thupi lokongola sanangodzibwerera. Cha m'ma 1928 kampani ya ndudu za Lucky Strike ku America inkatsatsa kwa amayi kuti atenge ndudu m'malo mwa switi, ndipo bodza limenelo lidakali moyo.

Musanachite china chilichonse, bwerekani tepi kwa atelala. M'mawa musanadye, vulani malaya, imani mowongoka. Fufuzani ndi chala nthiti yomaliza m'mbali mwa thupi, kenako pamwamba pa fupa la m'chiuno. Pakati pa malo awiriwa, nthawi zambiri pafupi ndi mchombo kapena pamwamba pake pang'ono, ndi poyenera kudutsa tepi. Ikhale yolingana kutsogolo ndi kumbuyo, isamire m'khungu. Tulutsani mpweya mwachizolowezi n'kuwerenga. Anthu ambiri amalakwitsa pawiri: kukoka mimba mkati, ndi kuyeza pomwe amamanga lamba, pansi pa mimba, pamene pamapereka nambala yonyengerera. Lamulo losavuta n'loti chiuno chisafike theka la kutalika kwanu. Kwa inu ndi masentimita 86. Malire ena omwe azaumoyo amagwiritsa ntchito ndi masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Lembani nambalayo, muziyeza kamodzi pamwezi.

Mukasiya, kodi munenepa? Mwina inde, ndipo sitikubisirani. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya BMJ inaphatikiza zotsatira za kafukufuku 62. Anthu osiya fodya ankawonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi pamwezi m'miyezi itatu yoyamba, kenako liwiro linkatsika, ndipo pakutha pa chaka anali atawonjezera makilogalamu 4 mpaka 5. Koma anthu amasiyana kwambiri: pa anthu 100 aliwonse, 16 anatsika thupi, pomwe 13 anawonjezera makilogalamu opitirira 10. Akulu anu ayenera kuti anagwera m'gulu lomalizali. Inuyo mutafika 69 mukhalabe pabwino, chifukwa pa msinkhu wanu kulemera koyenera kumafika cha m'ma 73.

Chiuno nachonso chimatha kukwerako miyezi yoyamba, ndipo amene anenepa kwambiri chiopsezo chawo cha shuga chimakwera kwa zaka zingapo chisanayambe kutsika. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wamkulu wa ku Harvard wa mu 2018 anapeza kuti osiya fodya, ngakhale onenepawo, ankafa ndi matenda a mtima mocheperapo kusiyana ndi opitiriza kusuta. Kubwerera ku ndudu chifukwa cha makilogalamu asanu n'kutayika.

Tibwerere ku makalori 200 aja. Poti inu mumasuta 15, anu safika n'komwe pamenepo. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 500 lili ndi magalamu 53 a shuga, makalori 210. Supuni yaing'ono ya shuga ndi makalori 16, ndiye ngati mumamwa tiyi katatu patsiku ndi masupuni anayianayi, apo pali 190. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ndi 120. Kuyenda ndawala mphindi 40 kumawotcha pakati pa 150 ndi 200 kwa munthu wa thupi ngati lanu. Kusiya chakumwa chimodzi chotsekemera, kapena kutsika minibasi msanga n'kuyenda ndawala mphindi 40 zija, kumatseka dzenje lonse lomwe nikotini wasiya.

Chomwe chimanenepetsa anthu kwenikweni ndi pakamwa. Ndudu imodzi amaikoka pafupifupi ka 10, ndiye dzanja lanu limapita kukamwa cha m'ma 150 patsiku, ndipo mukasiya limafunabe kopita. Pakangotha masiku ochepa mphuno ndi lilime zimayamba kudzuka, fungo la chiwaya ndi kanyenya limakuitanani kuchokera patali, komanso thupi limalakalaka zotsekemera. Mandasi awiri pa 10 koloko, zigege masana, maswiti m'thumba tsiku lonse, apo ndiye pochokera makilogalamu 10. Chibaba champhamvu chimatenga mphindi zitatu mpaka zisanu n'kuzilala. Pa mphindi zimenezo imwani kapu ya madzi, tafunani chingamu chopanda shuga, dyani gwafa kapena karoti, kapena nyamukani muzungulire nyumba. Chenjerani ndi mtedza: ndi chakudya chabwino, koma magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550, ndipo munthu wongotolatola amawamaliza osadziwa. Kadzanja kamodzi n'kokwanira.

Cholakwika chachikulu chomwe anthu amachita ndi kusiya fodya n'kuyambanso kudzimana chakudya sabata yomweyo. Njala ndi chibaba zimamveka mofanana m'thupi, ndipo zikakumana, ndudu imapambana. Idyani katatu patsiku, kadzutsa osadumpha: phala la mgaiwa, mbatata yophika, dzira. Masana ndi madzulo nsima ikhale mitanda yomwe mumadya kale, osawonjezera wina poti ndiwo zayamba kukoma. Chulutsani masamba, ndipo pasasowe chomanga thupi monga nyemba, nandolo, usipa, soya kapena mazira, chifukwa mukufuna kuti zomwe muwonjezere zipite ku minofu. Minofuyo imafuna ntchito yolemetsa kawiri kapena katatu pasabata: kunjuta n'kuimirira ka 15, kukankha pansi ndi manja ka 10, kunyamula zigubu za malita asanu, zonsezi maulendo atatu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pasabata za kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga. Ubwino wake mafuta amkati aja amamvera msanga thupi likamagwira ntchito, nthawi zina sikelo isanasunthe. Zogona chagada n'kumadzuka zija zimalimbitsa minofu ya pamimba, koma sizichotsa mafuta ali kuseri kwake.

Masabata awiri kapena atatu oyamba sikelo ikhoza kulumpha chifukwa cha kudzimbidwa, poti nikotini ankathandiza matumbo kuyenda. Madzi, masamba ndi papaya zimakonza zimenezo; dziyezeni kamodzi pasabata basi. Khofi ndi tiyi wamphamvu muchepetse, chifukwa utsi unkachititsa chiwindi kuchotsa mwachangu caffeine, chothamangitsa tulo cha mu khofi ndi tiyi, ndiye mukasiya kapu yomwe ija imakugwirani kwambiri, tulo n'kusowa, ndipo wosagona amadya kwambiri. Mowa muupewe mwezi woyamba, pakuti umabweretsa makalori komanso ndi pamowa pomwe "kamodzi kokha" kamayambira. Chingamu ndi zomata pakhungu za nikotini, zomwe zimapezeka m'mafamase ena, zimachepetsa chibaba ndipo zimachedwetsa kunenepa pa nthawi yomwe mukuzigwiritsa ntchito. Bupropion ndi varenicline ndi mankhwala othandiza kusiya fodya, koma ofuna dokotala. Kusinthira ku chingambwe kapena fodya wofwenkha si kusiya. Kuchepetsa kokha nakonso sikupulumutsa kwenikweni: ndudu imodzi patsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo cha matenda a mtima chomwe ndudu 20 zimabweretsa.

Ndi mimba mwafotokozayi, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi BP musanasankhe tsiku losiyira, mudzayezetsenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mukumwa mankhwala a shuga, a mphumu monga theophylline, kapena a matenda a maganizo monga olanzapine ndi clozapine, auzeni kuti mukusiya, chifukwa mlingo ungafunike kutsitsidwa. Ndipo ngati sikelo itayamba kutsika yokha mukudya monga mwa masiku onse, makamaka limodzi ndi chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku, kapena magazi m'makhololo, musanene kuti ndi fodya chabe. Osuta amadwala TB pafupifupi kawiri kuposa osasuta, ndipo shuga, HIV ndi khansa ya m'mapapo nazonso zimawondetsa. Ku Malawi kuyezetsa makhololo ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma.