Ngati nsomba za grouper zikutha, bwanji zimaoneka zambirimbiri?

Mnzathu wina yemwe akuphunzira kusambira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya watumiza funso pa imelo. Akuti anaona vidiyo ya nsomba za Nassau grouper zikwizikwi zili malo amodzi, ndiye akudabwa kuti bungwe la IUCN, loona za zamoyo zomwe zili pachiopsezo padziko lonse, likunena bwanji kuti zatsala pang'ono kutheratu.

Achimwene, chigulu munaonacho ndiye pagona vuto. Chaka chonse nsombayi imakhala payokhapayokha m'mapanga a miyala ya korali ku Caribbean. Koma mwezi ukawala wathunthu pakati pa Disembala ndi Febuluwale, zikuluzikulu zonse zimakakumana malo amodzi, pakuya mamita pafupifupi 30, kuti ziswane. Malowo sasintha, ndipo asodzi amawadziwa. Choncho bwato limadzazabe ngakhale nsomba zikutha, poti zotsalazo zimabwera pomwepo. Msodzi amadzazindikira chaka chomwe wapeza kuli zii.

Ku chilumba cha Little Cayman, ku Caribbean komweko, asodzi anapha pafupifupi 4,000 pamalo otere mu 2001 ndi 2002. Boma linatseka malo oswaniranawo mu 2003, ndipo mu 2016 linaletsa kugwira nsombayi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Miyezi yotsalayo mumaloledwa zisanu zokha pa bwato patsiku, zotalika mainchesi 16 mpaka 24. Nzeru yake siyachilendo kwathu kuno: ku Mbenji, ku Salima, mafumu amatseka usodzi nthawi ya dzinja. Koma grouper sichulukana msanga, imayamba kuswana ikakwana zaka zinayi kapena kuposerapo. Komabe ofufuza anapeza kuti ku Little Cayman zinachoka pa 1,200 mu 2009 kufika pa 7,000 mu 2018.

Amawerenga bwanji chigulu chosakhazikika? A Grouper Moon Project, ntchito ya bungwe loteteza zamoyo za m'nyanja la REEF ndi boma la Cayman, amaika timazindikiro pa nsomba zingapo, kenako osambira amawerenga kuti mwa nsomba zomwe akuona, zazizindikiro ndi zingati. Zikakhala zochepa kwambiri, ndiye kuti gululo ndi lalikulu.

Inu mukamasambira, lembani tsiku, malo, kuya kwake ndi kuchuluka kwa nsomba. A REEF amagawa panayi: imodzi, 2 mpaka 10, 11 mpaka 100, ndi kuposa 100. Lembaninso ulendo womwe simunaone ngakhale imodzi. Ambiri amaudumpha poganiza kuti ulibe phindu, ndiye zolembazo zimaonetsa ngati nsomba zili paliponse. Jambulani mutu cham'mbali, chifukwa mizere yakumaso imasiyana pa nsomba iliyonse. Musaidyetse: grouper sichedwa kuzolowera anthu, ndipo yozolowera siithawa munthu wa mkondo.

Komanso musamve zoti "ndigwira kenako ndiibweza". Nsomba yokokedwa msanga kuchokera pakuya chotere, kathumba kake ka mpweya kamafufuma, mimba n'kutulukira kukamwa. Mukaiponya m'madzi imangoyandama, osatha kumira.