Lamba wonjenjemera pamkono: angathandize wodwala sitiroko?

Funso: Bambo anga anadwala sitiroko ndipo mkono wamanja sukuyenda bwino. Akamatenga kapu amaweramitsa thupi lonse m'malo motambasula chigongono. Ndamva za lamba wovala pamkono amene amanjenjemera. Amagwira ntchito bwanji? *Wowerenga wa ku Nchalo*

Yankho: Pepani ndi matenda a bambo. Lambayu sakoka mkono ndiponso sabwezera mphamvu. Ntchito yake ndi kuuza munthu pomwepo kuti mkono wasochera. M'kati mwake muli batire, kachipangizo koyeza kupendekeka ngati kamene kamatembenuza chithunzi pafoni, ndi timamota ta mamilimita pafupifupi 10 toyendera ma volt 3.

A mafizo amayamba ayendetsa mkonowo moyenera kuti chipangizocho chisunge njirayo. Wodwala akapatuka, kamota kamanjenjemera mpaka abwerere. Kwa bambo anu, kachipangizo koyezako ndi kofunika kwambiri pachifuwa kapena kumsana kusiyana ndi pamkono, chifukwa vuto lawo ndi kuwerama.

Zambiri zimasokonekera pa kamangidwe. Timamota tikayandikana, khungu la pamkono silisiyanitsa kuti kanjenjemera ndi kati, choncho titalikirane masentimita osachepera 5, ndipo tisagone pafupa chifukwa fupa limafalitsa kunjenjemerako. Kamota kakamanjenjemera mosalekeza khungu limazolowera n'kusiya kumva. Ndi bwino kakhale kodukizadukiza. Kwathu kuno ku chigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Thukuta limatereretsa lamba, iye n'kumadzudzula munthu yemwe sanalakwe. Pukutani khungu, mangani mokhwimitsa koma chala chimodzi chizilowa, ndipo lambayo akasuntha muyambirenso kusunga njira yoyenera ija.

Musanagule, yesani ichi: bambo atsinzine, muike foni yonjenjemera pamalo angapo a mkonowo, iwo aloze pamene amva. Ena sitiroko imawachotsera kumva, ndipo kwa oterowo kamota kaikidwe kumbali yabwinoyo.

Akayamba kukhoza, muzichepetsa kudalira lambayo. Atenge kapu maulendo 10 lamba ali woyaka, 10 ena atazimitsa, kuopa kuti angamakhoze pokhapokha atavala.

Zipangizozi zambiri zikadali pa kafukufuku, ndiye musasiye mafizo pozidikira. Funsani ku chipatala cha boma ku Chikwawa, kapena akutumizeni ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Powadzutsa bambo musawakoke mkono wodwalawo, chifukwa phewa lofooka limaguluka msanga.