Tifunseni: Kodi ku Ireland 1994 kunagwa zotani?

FUNSO: Achimwene, ine ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Mwezi watha ndinakumana ndi mzungu wachikulire wa ku Ireland pa Chitakale, amachokera kokwera phiri. Pocheza ndinamuuza kuti ife 1994 sitiiwala poti ndi chaka chomwe tinavota zamatipate a Muluzi nkulowa m'boma. Iye anangopukusa mutu nkunena kuti kwawo chaka chimenecho anavina nkulira maliro usiku umodzi womwewo, ndisanafunse bwino galimoto yake inanyamuka. Amatanthauza chani?
Wowerenga wa ku Chitakale

YANKHO: Akalaliki, usiku womwe amanena mkuluyo ndi wa pa 18 June 1994, ife kuno tili mkati mosangalala ndi boma latsopano. Tsiku limenelo timu ya Ireland inakumana ndi Italy pa World Cup ku Giants Stadium ku America, ndipo palibe amaipatsa mwayi. Koma gemu itangoyamba Ray Houghton anaponya mpira wodutsa pamutu pa goloboyi, 1-0, ndipo zinathera pompo chifukwa kumbuyo Paul McGrath anatseka chitseko. Kochi wawo anali Jack Charlton, Mngelezi, zoseketsa eti, poganizira mbiri ya maiko awiriwa.

Nde gemu ili mkati, m'kamudzi kotchedwa Loughinisland ku Northern Ireland anthu anadzazana mu bala ina kuonera pa TV, ngati momwe timachitira mu mavidiyo sho a pa Limbuli kukakhala Bullets ndi Noma. Zigawenga za gulu la Apulotesitanti lotchedwa UVF zinalowa nkuyamba kuwombera anthu chakumsana, 6 anafera pomwepo, onse Akatolika, wamkulu mwa iwo gogo wa zaka 87. Anyamata a timu anamva nkhaniyi atatuluka kale mu gilaundi.

Chilumba cha Ireland chinagawidwa mu 1921, kumwera ndi dziko loima palokha koma maboma 6 akumpoto, omwe ndi Northern Ireland, anatsala m'manja mwa Britain, ndipo kuyambira cha mu 1969 kumeneko kunali kuphana pakati pa IRA yofuna Ireland mmodzi, magulu a Apulotesitanti ofuna kukhalabe ndi Britain, ndi asilikali a boma. Anthu oposa 3,500 anafa. Ena amangoti inali nkhondo ya mipingo, koma gwero lake ndi funso loti dzikoli mwini wake ndani.

Chodabwitsa nchoti patangotha miyezi iwiri ndi masabata, pa 31 August, IRA inalengeza kuti yasiya kumenya nkhondo, magulu a mbali inayo nkutsatira pa 13 October. Nduna yaikulu ya dziko lakumwera lija, Albert Reynolds, anagwirana chanza pagulu ndi Gerry Adams wa Sinn Féin, chipani chogwirizana ndi IRA, ndi John Hume, wandale wakumpoto wofuna Ireland mmodzi mwamtendere, zomwe chaka cham'mbuyo mukanazinena anthu akanati mwalawa kachasu.

Apa ndi pomwe ine zimandipweteka. Reynolds yemweyo sanafike nayo Khrisimasi pampando. Zinaululika kuti ofesi ya loya wamkulu wa boma, Harry Whelehan, inakhalira kwa miyezi 7 zikalata zoti wansembe Brendan Smyth, wogwirira ana, atumizidwe ku Northern Ireland kukayankha milandu, koma Reynolds anakakamirabe kumukweza Whelehan kukhala mkulu wa High Court. Chipani cha Labour cha Dick Spring chinatuluka mu boma la mgwirizano, Reynolds anatula pansi udindo mu November, ndipo mu December John Bruton analowa popanda chisankho chilichonse. Nkhani ya Smyth inasiya bala lalikulu pa mpingo m'dziko lomwe wansembe sankayankhidwa.

Kuvina kwenikweni kunaliponso. Pa 30 April ku Dublin Ireland inapambana mpikisano wa nyimbo wa Eurovision kachitatu motsatizana, koma zomwe anthu anatsala akukamba ndi gule wa mphindi 7 wapakati pa pulogalamu, Riverdance, wa Michael Flatley ndi Jean Butler, wopondaponda mapazi mwaliwiro thupi lili chilili. Lero wazungulira dziko lonse.

Ku World Cup kuja timu ya Ireland inatulutsidwa ndi Netherlands 2-0. Mtendere nawo unasokonekera mu February 1996 IRA itaphulitsa bomba ku London, mpaka anadzasainirana pangano la Good Friday pa 10 April 1998. Mkuluyo akadzabweranso ku Sapitwa mudzamufunse kuti gemu ya Italy anaonera kuti.