Ku Likoma sakudikira iwe kuti amve za Yesu, mphwanga

Lachiwiri usiku ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa zaka 23. Wangomaliza koleji, gulu lake la mapemphero likumutuma ku chilumba cha Likoma chaka chathunthu, ndiye akufunsa kuti tsiku la mmishonale pachilumba limayenda bwanji, komanso anyamule chiyani. Likanakhala funso lokhalo ndikanayankha m'mizere isanu. Koma kumapeto anaikako kachiganizo kakuti: "Mtima wanga ukuyaka kukafikira anthu amene sanamvepo Uthenga." Apa mpamene tulo tinathawa, chifukwa mawu amenewa ndinawalankhulapo ine ndi pakamwa pangapa, kutsogolo kwa mpingo, anthu n'kuomba m'manja.

Mphwanga, khala pansi ndikuuze.

Ine ndinapita ndili ndi zaka 24. Ndinakwera sitima ya Ilala pa Nkhata Bay ndi chikwama chimodzi, gitala, ndi katoni ya timapepala ta uthenga. Nyanja ndinali ndisanaikwerepo, ine mwana wa kumtunda wozolowera fumbi. Tisanafike n'komwe pa Chizumulu ndinali nditasanza zonse za m'mimba, ndagona pa matumba a chimanga a munthu wina, mayi wina wogulitsa tomato akundipepeza ndi chitenje ngati mwana wake. Masiku amenewo sitima inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo boti likayandikira mchenga umadumphira m'madzi katundu ali pamutu. Ndinadumpha molakwika. Katoni ija inanyowa yonse, timapepala tinamatana ngati phala. Ndinkati Satana walimbana nane. Lero ndimati Mulungu anawachitira chifundo anthu a ku Likoma.

M'mawa mwake ndinaona chimene palibe anandiuza bwino ndisananyamuke. Ndinkadziwa kuti kuli tchalitchi cha Angilikani, inde, tinaphunzira kusukulu. Koma kudziwa ndi kuima patsogolo pa St Peter's n'zosiyana. Chinyumba chachikulu chotere, pa kachilumba koti ukalimba miyendo umakadutsa tsiku limodzi. Anayamba kuchimanga 1903, anachipatula 1911, pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Amishoni a UMCA, bungwe la Angilikani lochokera ku Britain, anakhazikika pachilumbachi 1885. Werengera wekha: agogo a agogo anga kumudzi kwathu anali asanaonepo Baibulo pamene ana a ku Likoma ankawerenga ndi kulemba. Ndiye kwabwera ine ndi gitala kudzafikira osafikiridwa.

Koma munthu ukakhala wamng'ono sumva msanga. Ndinkadziona ngati mlendo uja amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sabata yachiwiri ndinatsikira kugombe kumene asodzi ankasoka ukonde wa chilimira, ndinatsegula Baibulo n'kuyamba kulalikira za Petro ndi ukonde wake. Anandimvera mwaulemu, manja ali pa ntchito. Nditatchula vesi ndinaphonya chaputala. Bambo wina wachikulire, wopanda malaya, singano ya ukonde ili kukamwa, anaichotsa n'kunena mofatsa kuti, "Aphunzitsi, pamenepo ndi Luka 5." Kenako ananena ndime yonse pamtima, m'Chinyanja chawo cha kunyanja chija, chimene ine ndinkachimva mwa apo ndi apo. Atamaliza anandifunsa ngati ndadya. Ndinali ndisanadye. Ulaliki unathera pa mbale ya kondowole ndi usipa wowotcha, ine ndikulimbana ndi nsima yokakamira m'zala, ana akundiseka.

Wafunsa za tsiku, ndiye tsiku lake ndi ili. Umadzuka kusanache chifukwa nyumba ya malata ikangoona dzuwa sugonamonso. Umatsikira kunyanja ndi ndowa, amuna kwawo, amayi kwawo, ndipo malire amenewa uwafunse tsiku loyamba, usachite kuwadziwira pa manyazi. Kusamba konko, kuchapa konko, mbale konko. Ukabwerako uyatse moto, ndipo nkhuni si zotola ngati kwanu. Zambiri zinkabwera pa ngalawa kuchokera tsidya la Mozambique, cha ku Cobue, pamene mapiri ake umawaona ngati ungawagwire. Ine m'mawa ndinkathandiza ana masamu ndi Chingerezi pansi pa mtengo wa mango. Masana palibe chochitika. Ndikubwereza: palibe. Dzuwa limamenya miyala ndi milambe ija mpaka mbuzi zimabisala, ndipo aliyense wanzeru ali pamthunzi. Miyezi yoyamba ndinkayenda dzuwa lili paliwombo kugogoda m'makomo, kudziona ngati wodzipereka, pamene eni ake ankangondimvera chisoni. Madzulo mpamene anthu amapezeka: pa bawo, pa mpira, pa kwaya, pa thandala poyanika usipa. Usiku nyanja imadzaza nyali za asodzi ngati mzinda wayandama. Magetsi nthawi yanga anali a jenereta, akazima wagona, kaya uli ndi tulo kaya ulibe.

Ndipo pamenepo, magetsi atazima, mpamene pali umishonale weniweni umene sakuuza pa tsiku lokutsanzika. Kusungulumwa. Palibe basi yoti ukwere ukaone amayi ako. Kumbali zonse madzi. Sitima imabwera tsiku lake, ndipo ikachedwa yachedwa, palibe woti umukalipire. Ndinkawerenga masiku ndi Ilala monga mkaidi. Tsiku la sitima chilumba chonse chimadzuka: shuga wafika, sopo wafika, ufa wafika, wina wabwera ndi mkazi watsopano, wina wabwera m'bokosi. Ine ndinkapita kugombe ngakhale ndisakuyembekeza munthu, kungoti ndimve fungo la kumtunda. Sitima ija inapangidwa ku Scotland, inayamba kuyenda panyanjayi 1951, ndiye ganiza mibadwo ingati yaima pamchenga womwewo kuiyang'anira. Ndimakwiya ndikamva anthu a m'tauni akuinyoza kuti chisitima chokalamba. Sanakhalepo malo amene mchere ukatha umadikira hutala yake.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa zonsezi, ndipo ena akwiya, akwiye. Amene anandituma anandilonjeza kandalama mwezi ndi mwezi. Kanabwera miyezi itatu. Wachinayi anati tipemphere. Wachisanu foni sinkayankhidwa. Koma fomu ya lipoti yokha sinaphonyepo, ndipo pa fomupo panali kabokosi kakuti "miyoyo yopulumutsidwa mwezi uno". Kabokosi kameneka ndimadana nako mpaka lero. Ulembamo chiyani pamalo poti pafupifupi aliyense anabatizidwa ali khanda, amapita ku Misa, amaimba nyimbo zimene iwe suzidziwa? Ndikuulula pano, poyera: ndinkalembamo manambala abodza. Khumi ndi awiri. Makumi awiri. Ndinkawerenga ana obwera kudzamvera gitala. Mmishonale wanjala, wonama, akudyetsedwa ndi anthu omwewo amene pa lipoti akuwatcha otayika.

Wondidyetsa anali agogo ena oyandikana nane, a Mothers' Union, mwamuna wawo anamwalira kalekale. Sanandifunsepo ngati ndalama zabwera. Ankangoona kuti utsi sukutuluka kukhitchini kwanga, basi kamdzukulu kafika ndi mbale yovindikira. Tsiku lina ndinayesa kuwafotokozera za kubadwanso mwatsopano, ndi mavesi anga onse ondandalika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akusenda chinangwa choviika, kenako anati, "Mwanangu, zimenezo n'zabwino. Mawa kuli maliro kumtunda uko, udzapite, anthu akuona kuti supita." Ndinkaganiza kuti maliro a munthu wosamudziwa, wa mpingo wina, sakundikhudza. Safunsa anadya phula.

Ndinapita. Kenako mwezi wa July, mwera uli pachimake, bwato linagubuduzika ndi anyamata awiri, mmodzi sanapezeke mpaka tsiku lachitatu. Masiku atatu amenewo ndinakhala pamchenga ndi abale ake, osalalikira, osaimba, kungokhala, kutunga madzi, kunyamula mabenchi. Palibe chimene ndinachita chooneka. Koma kuyambira pamenepo dzina langa linasintha, anasiya kunditcha "mlendo wa gitala uja". Anyamata anayamba kubwera okha usiku kudzafunsa zinthu zimene sangafunse ansembe awo: za mowa, za chibwenzi, za ndalama za usipa zimene zimabwera zambiri lero mawa palibe, za mantha okayezetsa magazi. Ntchito imene ndinaipitira inayamba mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo pa fomu ija panalibe kabokosi kake.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwafewetsa: mpingo umene ukutuma mwana wa zaka 23 pachilumba popanda ndalama yodalirika, popanda munthu wamkulu womuyang'anira konko, popanda kukagogoda kaye kwa atsogoleri a mipingo imene ilipo kale, sukutuma mmishonale. Ukutaya mwana wa eni kuti upeze zithunzi zoika pa Facebook. Ndipo chizolowezi chotcha malo aliwonse akutali ndi tauni kuti "osafikiridwa" ndi mwano. Likoma yatumiza ansembe, aphunzitsi ndi anamwino kumtunda kwa zaka zoposa zana. Mpingo wa kunyanjaku ndi umene unatulutsa Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia cha ku Nkhotakota, amene anakagwira ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia n'kumwalira konko 1913. Amenewo ndiwo amishonale, anthu akuda anzathu, ndipo mayina awo achinyamata athu a mapemphero sawadziwa.

Ngakhale azungu aja, tisawaone ngati ankangokhala pakhonde kumwa tiyi. Chauncy Maples anangodzozedwa kumene ubishopu wa Likoma 1895, pobwerera boti lake linamira ndi mphepo panyanja pomwepa asanafike n'komwe. Manda ake ali ku Nkhotakota. William Percival Johnson maso anamuvuta mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, komabe anazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka makumi anayi ndi kuposa, namasulira Baibulo m'Chinyanja cha konko, mpaka anamwalira 1928 ku Liuli, tsidya la Tanzania. Anali ndi zolakwa zawo, zambiri, nkhani ya tsiku lina. Koma anakhala. Anaphunzira chilankhulo. Ndipo n'chifukwa cha mishoni imeneyi kuti zilumba ziwirizi, Likoma ndi Chizumulu, ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, zili mbali ya Malawi. Ife timafuna tipite miyezi khumi ndi iwiri, tibwereko ndi umboni wogwedeza mpingo.

Za nkhungu, poti palibe adzakuuze

Tsiku lina udzaona ngati utsi wakuda ukutuluka pakati pa nyanja, udzayesa sitima ikupsa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono. Zikafika kumtunda zimalowa paliponse, m'maso, mu tiyi, m'Baibulo. Amayi amazikola ndi malichero, n'kuziumba timikate. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinadya, ndipo ndinapempha ina. Ukakana chakudya cha eni katatu, usadabwe akamakana mawu ako. Za malipenga ndi chioda ndiye ndisayambe. Ine amene ndinafika ndikuti magule ndi zachikunja ndinapezeka ndikuperekeza gulu la malipenga, nditanyamulira munthu chipewa.

Zonyamula

Neti ya udzudzu, ndipo uzigonamo, malungo anandigwetsa kawiri. Tochi ya sola. Nsapato zolimba chifukwa njira zake ndi miyala. Juzi imodzi, mwera umazizira usiku. Ndalama yobwererera uisunge padera, usaikhudze ngakhale njala ivute, ndipo amene akukutuma alembe papepala zimene adzikupatsa ndi tsiku lake. Ukaona magazi mumkodzo usachite manyazi, ndi likodzo, pita kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mwera ukamawomba usakwere bwato, ngakhale mwini wake aseke bwanji. Sabata yoyamba kadzionetse kwa amfumu ndi kwa ansembe, ngakhale suli wa mpingo wawo, ndipo Lamulungu loyamba ukakhale kumbuyo mu St Peter's, pakamwa potseka. Mtsikana usacheze naye awiriwiri, pachilumba nkhani imafika kumapeto iwe usanafike pakhomo.

Gitala nyamula, ana amaikonda. Yanga ndinaisiya konko kwa kamdzukulu ka agogo aja, zingwe ziwiri zitaduka. Ukafika undilembere ngati mbale zovindikira zikuyendabe madzulo.