Magemu oti mmodzi azilamula ali pamwamba ena azikawombera pansi, alipodi?

Achimwene ena a ku Zomba anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anakulira pa Command & Conquer Generals, pano nthawi yawo yambiri imathera pa Call of Duty, ndiye akufunsa ngati pali gemu ya pa intaneti yomwe imaphatikiza zonse ziwirizi, kumanga base ndi kusonkhanitsa chuma uku anzako akumenya nkhondo mfuti zili m'manja. Afunsanso kuti ngati ilipo bwanji sitimaimva ikutchulidwa.

Alipo achimwene, ndipo si a lero ayi. Amene anthu ambiri amayambira kutchula ndi Natural Selection, yomwe inatuluka mu 2002 ngati mod ya Half-Life, kutanthauza gemu yomangidwa pa gemu ina yomwe ilipo kale, anaipanga Charlie Cleveland. Patapita zaka 10, mu 2012, kampani yake Unknown Worlds inatulutsa Natural Selection 2, ndi kampani yomweyi imene kenako inadzapanga Subnautica. Chapakati pamenepo kunali Savage ya S2 Games ya 2003, Nuclear Dawn ya 2011, ngakhale Battlefield 2 ya 2005 inali ndi komanda wake ngakhale kuti analibe zomangamanga. Zaposachedwa kuli Silica yomwe Bohemia Interactive inaika pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mu 2023.

Ndikhazikike pa Natural Selection 2 chifukwa ndi yomwe imaonetsa bwino mmene zinthuzi zimayendera. Matimu ndi awiri, asilikali ndi zilombo zotchedwa Kharaa. Gemu ikangoyamba munthu mmodzi amalowa mu command station, basi sikilini yake imasintha, iye sakuonanso mfuti koma mapu yonse kuchokera pamwamba monga muja mumaonera pa Generals. Iyeyo ndi amene amasankha pomanga armory yotengerako zida, poika extractor yokoka chuma, nthawi yofufuza shotgun kapena jetpack, ndipo amatha kukuponyerani medpack yochiritsa mabala ndi zipolopolo pomwe mwaima ndewu ili mkati. Koma tamverani apa, komanda akaika chinthu sichimangika chokha, pamafunika msilikali apite akaime pamenepo akugwira batani mpaka chithe, ndipo nthawi yonseyo mfuti yake sikugwira ntchito, maso ali kudenga chifukwa skulk, kachilombo kaja kothamanga pakhoma, kamatulukira m'mavent, mapaipi odutsa mpweya, n'kukuluma chakumbuyo. Ndiye mumapita awiri, wina akumanga wina akulondera. Extractor imeneyo ikakhala moyo mphindi zingapo timu yonse imalemera, ikagwa ndiye kuti zida zabwino zichedwa, uko anzanu azilombo akusunga chuma chawo kuti wina asanduke onos, chinyama chachikulu chomwe mfuti wamba imangochigirigisha.

Tsopano funso lanu lachiwiri lija, loti bwanji sizitchuka. Ine maganizo anga ndi oti vuto ndi lomwe lomwelo limene limapangitsa magemuwa kukoma, asilikali ako ndi anthu. Pa Generals ukadina thanki kuti ipite kumpoto imapita, siifunsa. Apa ukauza munthu kuti aise bwerera ukateteze extractor ya kumadzulo, iye akhoza kukhala kuti wazimitsa maiki, kapena samva Chingerezi chako, kapena wangotsimikiza mtima kuti akufuna akaphe anthu basi chifukwa ndi zomwe anagulira gemu. Komanda ali ngati kochi wa mpira, amakuwa ali pa laini koma mwendo womenya si wake. Ndipo mbali inayo ndi yowawanso, ukhoza kukhala katswiri wowombera koma komanda wako akamwaza chuma pa zinthu zopanda pake mphindi zisanu zoyambirira, gemu yatha kale ngakhale mupitirize kuvutika kwa theka la ola. Munthu mmodzi amatha kuonongera timu yonse madzulo awo. N'chifukwa chake muli voti yomutulutsa komanda pampando, ndipo anthu amaigwiritsadi ntchito mopanda chisoni, nthawi zina gemu imachedwa kuyamba chifukwa aliyense akukana kukhala komanda, akuopa kutukwanidwa.

Ndiye taganizani munthu watsopano. Walowa, sakudziwa mapu, anthu akutchula mayina a zipinda ngati akuwerenga mndandanda wa masiteji a minibasi, wafa kambirimbiri osaona chomwe chamupha. Ambiri amangochoka, otsala ndi akale okhaokha omwe akhala akusewera zaka, ndiye watsopano wina akabwera amakumana ndi zomwezo. Pa Call of Duty ukhoza kuluza koma wapha anthu ako angapo wasangalala, kuno ayi, timu ikagwa mwagwa nonse. Kupanga gemu yotere n'kovutanso, uyenera kusangalatsa wokonda kuganiza ndi wokonda kuwombera nthawi imodzi, makampani akuluakulu saona chifukwa choikirapo ndalama zawo.

Zomwe zinachitika n'zoti ganizoli linalowa m'magemu ena mochepetsedwa. Hell Let Loose, ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imakhala anthu 50 mbali iliyonse, pali komanda mmodzi amene amalankhula ndi atsogoleri a masikwadi pa tchanelo chawochawo, mainjiniya amamanga ma node, tinyumba tobweretsa manpower, munitions ndi fuel (anthu, zipolopolo ndi mafuta), komanda n'kumagwiritsa ntchito zimenezo kuitana ndege yoponya mabomba kapena kugwetsa katundu womangira garrison, malo omwe asilikali amatulukira akafa. Squad ya Offworld nayonso ili chimodzimodzi, kumanga FOB, kamsasa kakutsogolo kunkhondo, ndi kuyendetsa malole a katundu. Okonda RTS yeniyeni, magemu olamula uli pamwamba monga Generals, anena kuti izi si zenizeni chifukwa palibe kufufuza zida zatsopano, ndipo akunena zoona, koma uku ndi komwe kuli anthu ambiri masiku ano.

Musanagule kanthu onani kaye maseva. Ambiri a magemuwa ali ku Europe ndi ku America, kuchokera kwathu kuno ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, imakwera kudutsa mamilisekondi 150 mosavuta, ndipo pa Natural Selection 2 pomwe skulk amakudumphira m'kuphethira kwa diso zimenezo zimapweteka kwambiri. Chodabwitsa n'choti mpando wa komanda ndi umene umapirira ping yoipa kuposa wowombera, koma musathamangire pamenepo tsiku loyamba chonde. Sewerani kaye pansi mpaka mayina a zipinda muwadziwe pamtima, mverani mmene makomanda abwino amalankhulira, mudzaona kuti salamula kwambiri, amangouza anthu zomwe akuona ndi kuthokoza amene wamanga. Hedifoni ya maiki ndiyofunika kuposa mbewa yodula. Ngati thumba silili bwino yesani Unvanquished kapena Renegade X, zonse ndi zaulere, zilibe komanda woona mapu kuchokera pamwamba koma za base ndi chuma zilimo, bola mukonzekere bandulo yodaunilodira ndi kudikira nthawi yomwe anthu a ku Europe aweruka kuntchito kuti mupeze seva yodzaza.