Mwana wanga akuti akhala kochi ngati Dusty May, sukulu yatani?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera ndi nkhawa. Mwana wawo wamwamuna ali mu Fomu 4, amakonda basketball kwambiri koma ndi wamfupi ndipo pa timu ya pasukulu nthawi zambiri amakhala pa benchi. Iye wasiya zolota zosewera, tsopano akuti adzakhala kochi. Akamuuza zowerenga, amawaonetsa nkhani ya Dusty May, amene yunivesite ya Michigan ku America inamulemba ntchito mu Malichi 2024 kukhala mphunzitsi wamkulu wa timu yake ya amuna, pa malipiro a madola pafupifupi 3.75 miliyoni pachaka. Mwanayo akuti munthu ameneyu sanakhalepo katswiri pabwalo koma lero ndi uyo. Funso la mayiwa ndi lakuti: kodi imeneyi ndi ntchito yoti kholo n'kuikirapo mtima, kapena ndi njira chabe yothawira mabuku?

Mayi, mwana wanu wasankha chitsanzo chabwino, koma waiwerenga nkhaniyo kuchokera kumapeto. Ndikuyendetsani m'mene bamboyu anayendera, chaka ndi chaka, kuti mukakhala naye pansi mukhale ndi zomufunsa.

Dusty May anabadwa mu Disembala 1976 ndipo anakulira kumudzi m'chigawo cha Indiana, dera limene basketball ya kusekondale amaiona ngati chipembedzo. N'zoona kuti sanasewereko pa mlingo wapamwamba wa mayunivesite. Anayesako pa koleji yaing'ono ya Oakland City, osakhalitsa, kenako n'kupita ku Indiana University ngati wophunzira wamba. Kumeneko mphunzitsi anali Bob Knight, munthu waukali wodziwika dziko lonse, amene anatenga chikho cha mayunivesite katatu, mu 1976, 1981 ndi 1987. May analowa m'gulu la ophunzira othandizira timu, amene kumeneko amawatcha ma manager, ndipo anagwira ntchitoyi kuyambira 1996 mpaka 2000.

Dzina loti manager lisakupusitseni. Awa ndi ana a sukulu amene amafika pabwalo osewera asanafike n'kuchoka onse atapita. Amapopa mipira, kutunga madzi, kunyamula matawulo, kupukuta thukuta pansi wosewera akagwa kuti wina asaterereke, kuima pansi pa golo n'kumabwezera mpira kwa munthu amene akuyeserera kuponya kambirimbiri, kulemba ziwerengero za masewero, kujambula maphunziro a timu. Wosewera akafuna kuponya mipira usiku, manager ndiye amadzuka. Chimene amapindula n'chakuti tsiku lililonse amakhala pafupi ndi mphunzitsi, akumva chimene akukonza ndi chifukwa chake. Kwa zaka zinayi May anaphunzira masewerowa ataima m'mbali mwa bwalo, uku akulowa m'kalasi ngati wophunzira wina aliyense. Mu 2000 anatuluka ndi digiri. Mfundo imeneyi mwana wanu mwina anaidumpha: pakanapanda malo a ku yunivesite, sakanakhala manager n'komwe, chifukwa ntchitoyi ndi ya ophunzira okhaokha. Khomo loyamba linali sukulu.

Atamaliza anapita ku Los Angeles, ku University of Southern California, kukagwira ntchito ya mavidiyo. Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene pali phunziro lenileni kwa mnyamata ngati wanu. Woyang'anira mavidiyo amatenga masewero a timu imene mukukumana nayo sabata yamawa, mwina asanu kapena kuposa, n'kuwadula tizidutswa. Amaika pamodzi nthawi zonse zimene timuyo inayamba mpira kuchokera kunja kwa mzere, nthawi zonse zimene wosewera wawo wamtali analandira mpira pafupi ndi golo, mbali imene amakonda kutembenukira, chimene amachita akatsekeredwa kumanja. Kenako amapereka kwa mphunzitsi mphindi zochepa zoti osewera aonere. Masiku amenewo zambiri zinali pa matepi, ntchito yochezera usiku wonse maso ali psuu. Palibe amene amaimbira m'manja munthu wa mavidiyo. Koma munthu amene waonera masewero mazanamazana mobwerezabwereza, akuimitsa ndi kubweza, amayamba kuona zimene ngakhale osewera akale saona. May anachita izi zaka ziwiri ku Los Angeles, n'kubwerera ku Indiana mu 2002 kukachitanso za mavidiyo ndi za muofesi kwa zaka zina zitatu.

Mu 2005 mpamene analembedwa koyamba kukhala wothandizira mphunzitsi, ku Eastern Michigan. Chaka chimodzi chokha, n'kusamukira ku Murray State m'chigawo cha Kentucky. Chaka chimodzinso, n'kupita ku yunivesite ya UAB mumzinda wa Birmingham ku Alabama, kumene anakhala mpaka 2009. Kuchoka apo ku Louisiana Tech zaka zisanu ndi chimodzi, kenako ku University of Florida kuyambira 2015 mpaka 2018. Werengani bwino: kuchokera pamene analandira digiri mpaka pamene anapatsidwa timu yakeyake panapita zaka 18, ndipo anali atakwanitsa zaka 41. Pa zaka zonsezo ankasamutsa banja lake kuchoka chigawo china kupita china. Ntchito ya wothandizira kumeneko siimangokhala pabwalo ayi. Mbali yaikulu ndi kuyenda m'masukulu a sekondale kusaka ana aluso, kukhala pabalaza ndi makolo awo kuwanyengerera kuti mwana abwere ku yunivesite yanu osati ya anzanu. Amene satha kulankhula ndi anthu sapita patali.

Pali chinthu china chimene nkhani zachidule za pa intaneti sizinena, ndipo ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse. Yang'anani amene ankamulemba ntchito. Ku Indiana, ulendo wachiwiri uja, mphunzitsi wamkulu anali Mike Davis, yemwe anali wothandizira wa Knight pa nthawi imene May ankanyamula matawulo. Davis atapita ku UAB, anamuitananso. Ku Louisiana Tech anagwira ntchito ndi Mike White, ndipo White atapatsidwa ntchito ku Florida mu 2015 anamutenga. Mu 2018 yunivesite ya Florida Atlantic inkafuna mphunzitsi wamkulu, ndipo mkulu woyang'anira zamasewero kumeneko anali Brian White, mchimwene wake wa Mike White. Wina anganene kuti ndi zodziwana basi. Inde, kudziwana kulipo, tisanamizane. Koma anthu amenewa sanali abale ake. Anamudziwira pa ntchito, atamuona zaka zambiri akuchita zinthu zazing'ono mosanyinyirika, ndipo ntchito zawo zomwe zinkadalira kuti munthu amene amutenga asawagwetse. Mwana wanu adzifunse kuti ndani lero, pa anthu amene amamuona pabwalo la pasukulu, angamuitane zaka khumi zikubwerazi.

Florida Atlantic sinali ntchito yosiririka. Timuyo inali italowapo kamodzi kokha mu mpikisano waukulu wa mayunivesite a ku America wotchedwa NCAA, mu 2002, ndipo bwalo lake linali laling'ono. May mwiniwake wakhala akufotokoza kuti anasaina kontrakiti asanaone bwino bwalo ndi zipinda za osewera, ndipo ataziona anasweka mtima, akuganiza kuti wadziphera tsogolo. Zaka zinayi zoyambirira timu inkangopambana pang'ono kuposa kugonja, palibe amene ankaikamba. M'chaka chachisanu, 2022 mpaka 2023, inapambana masewero 35 n'kugonja 4 okha, inagwetsa Memphis, Tennessee ndi Kansas State mu mpikisano wa NCAA, n'kufika m'ndime ya matimu anayi omaliza. Inatuluka itagonja ndi San Diego State 72 kwa 71, mpira womaliza utalowa nthawi ikutha. Chaka chotsatira analowanso mu mpikisanowo, ndipo Michigan inamutenga ali ndi zaka 47.

Tsopano onaninso munthu amene May anamulowa m'malo. Juwan Howard anali katswiri weniweni: anasewera pa Michigan pomwepo m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, anakhala mu NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basketball ku America, zaka 19, n'kukhalanso wothandizira mphunzitsi ku timu ya NBA ya Miami Heat. Anapatsidwa timuyi mu 2019, ndipo mu 2021 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chaka. Patangopita zaka zitatu, timu itapambana masewero 8 n'kugonja 24, anachotsedwa. Ntchito imeneyi ilibe chisoni. Malipiro amene mwana wanu akukuonetsani ndi a anthu ochepa kwambiri. Mu gawo lapamwamba la mayunivesite a ku America muli matimu a amuna opitirira pang'ono 350, kutanthauza mipando ya aphunzitsi aakulu yochuluka chomwecho basi, ndipo ambiri mwa iwo salandira ngakhale pafupi ndi zimene Michigan imapereka. Chaka chilichonse mwezi wa Malichi ukafika, ena amachotsedwa pamodzi ndi owathandizira awo onse.

Mwezi wotsatira May atalembedwa, yunivesite ya Kentucky inalembanso mphunzitsi watsopano, Mark Pope, ndipo nkhani yake makolo ambiri ingawadzidzimutse. Pope anasewera pa Kentucky pamene inatenga chikho mu 1996, anapita ku NBA, ndipo atasiya kusewera analowa sukulu ya udokotala ku Columbia University. Mu 2009 anaisiya asanamalize, n'kukayamba pansi pa timu ya University of Georgia, pa udindo wa zokonza maulendo ndi za muofesi. Anadutsa ku mayunivesite a Wake Forest ndi Brigham Young (BYU) ngati wothandizira, n'kukhala mphunzitsi wamkulu ku Utah Valley mu 2015 ndi ku BYU mu 2019. Sindikutchula izi kuti mwana wanu apezepo chonamizira. Pope anasiya udokotala ali kale ndi digiri yoyamba m'thumba ndi ndalama za ku NBA. Anali ndi pogwera. Mnyamata wa Fomu 4 amene wasiya kuwerenga alibe.

Ndiye mumulole? Ine ndikuti mumulole, koma pa mgwirizano womveka bwino, ndipo choyamba pa mgwirizanowo ndi MSCE ya mapointsi oti n'kulowa nawo ku koleji. Kuno kwathu kuphunzitsa basketball sikudyetsa banja pakokha. Makochi ambiri a makalabu ndi a masukulu ali ndi ntchito ina imene imawalipira lendi, ndipo pabwalo amapita madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Choncho maphunziro amene ndingamulozere ndi amene amamupatsa ntchito yokhazikika pafupi ndi bwalo. Uphunzitsi ndiwo woyamba: mphunzitsi wa sekondale amakhala ndi malipiro, ana oti awaphunzitse masewero, ndi bwalo la pasukulu, zonse pamalo amodzi. Ngati masamu ndi sayansi akuyenda bwino, ayang'ane maphunziro a sayansi ya zamasewero ku MUST ku Thyolo, kapena a fiziyotherapi, amene matimu a masewero onse amawafuna. Chingerezi asachinyoze, chifukwa mabuku ndi makosi a ukochi ali m'Chingerezi, ndipo kochi amalemba malipoti ndi makalata opempha thandizo.

Za ukochi weniweniwo asadikire kuti amalize sukulu. Popeza ali kale pa benchi, apite kwa aphunzitsi amene amayang'anira timu akapemphe kukhala wowathandiza. Agule kope la masamba ambiri limene ntchito yake ikhale imodzi: masewero aliwonse alembe amene waponya, pamene waponyera, ngati walowetsa kapena waphonya, amene wataya mpira, amene wautola ukagunda golo. Pakatha masewero atatu kapena anayi adzayamba kuona kuti mnzake wina amaphonya nthawi zonse akaponyera kumanzere, kapena kuti timu imataya mipira yambiri m'chigawo chachitatu ikatopa. Akapite nazo kwa aphunzitsi mwaulemu, osati pamaso pa osewera. Ngati pali foni yojambula, aiike pamalo okwera kuti bwalo lonse lioneke, osati kumangotsatira mpira, ndipo madzulo aonere akuimitsa. Imeneyo ndi ntchito yomwe ija May anayambira ku Los Angeles, kungoti zipangizo zake lero zili m'thumba. Bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, FIBA, lili ndi mabuku a maphunziro a makochi amene amapezeka pa intaneti mwaulere, ndipo akamaliza mayeso afunse ku bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, BASMAL, za makosi a makochi ndi oyimbira. Kuyimbira masewero a ana n'kothandizanso, kumamukakamiza kudziwa malamulo bwinobwino.

Mudzaona nokha pakatha teremu imodzi. Mwana amene akufunadi ukochi kope lija lidzadzaza ndipo adzakutopetsani ndi nkhani za ziwerengero pa nthawi ya chakudya. Amene amangosirira madola a ku Michigan adzalisiya pa tsamba lachitatu.

Za ku America, popeza ndikudziwa kuti adzafunsa: njira imene achinyamata ambiri amalowera pa matimu a mayunivesite atamaliza digiri yoyamba ndi kukhala wothandizira uku akuchita digiri yachiwiri, yunivesite n'kumamuchotserako fizi kapena kumupatsa kangachepe. Malo amenewa amalimbiranidwa kwambiri ndi ana a komweko amene anali kale ma manager, ndipo wochokera kunja amafunika digiri yabwino, chilolezo cha wophunzira cholowera m'dzikolo, ndi munthu wodziwika womuchitira umboni. Wina akabwera kwa inu n'kunena kuti mumupatse ndalama kuti apezere mwana wanu malo a ukochi kapena osewera ku America, musamupatse. Mayunivesite amalengeza malo otere pa masamba awo ndipo munthu amafunsira yekha.