TV ya smart kapena kabokosi: yankho kwa Amayi a ku Chilenje

Amayi, mwafunsa ngati mugule TV ya smart yatsopano kapena kabokosi koonetsera za pa intaneti kolumikiza ku TV yanu yakale. Ngati TV yanuyo ili ndi polowetsera HDMI (chingwe chotumiza zithunzi ndi mawu ku TV) ndipo zithunzi zikuoneka bwino, isungeni, mugule kabokosi. Mapulogalamu a mu TV ya smart amakalamba msanga kuposa galasi lake. Pakapita zaka YouTube imayamba kuchedwa, pomwe kabokosi mumangosintha ndi ndalama zochepa.

Nkhani ya chinsinsi musaipeputse. Ma TV ambiri a smart ali ndi ACR, yomwe imazindikira zooneka pa galasi, ngakhale zochokera pa dikoda, n'kutumiza ku kampani kuti otsatsa malonda akudziweni. Mu 2017 kampani ya Vizio ku America inalipira madola 2.2 miliyoni chifukwa chotola zimenezi pa ma TV 11 miliyoni eni ake osadziwa. Kuti ACR isagwire ntchito, mukagula Samsung, zimitsani "Viewing Information Services" mu ma settings. Pa LG zimitsani "Live Plus".

Kabokosi nakonso kamadziwa zomwe mumaonera. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi timabokosi topanda dzina tolonjeza matchanelo onse aulere. Tina timafika tili kale ndi mapulogalamu oipa, ndipo FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, inachenjeza za zimenezi mu 2025. Mukapita ku Kamwala kapena m'tauni mu Lusaka, funsani kovomerezedwa ndi Google, monga Xiaomi TV Box.

Muganizirenso bandulo, Amayi. Netflix ya HD (zithunzi zooneka bwino kwambiri) imatha kudya 3GB pa ola limodzi, choncho ngati mumadalira MiFi (kachipangizo ka intaneti koikamo SIM), itsitseni Netflix ku SD, zithunzi wamba zomwe zimadya bandulo pang'ono.